Sitepe Yachisanu

Inu amene munalakwitsa chinthu anthu onse akuona, ndipo mpaka lero mumayenda chozyolika, khalani pansi ndikuuzeni za Uelese, mmisiri wa m'mudzi mwathu kuno ku chilumba cha Savai'i.

Tsiku limene ndikufuna muyambe kumuona, dzuwa linali pamutu, ndipo iye anali atakhala pabwalo la nyumba ya a Tauvela, mmodzi wa akuluakulu a m'mudzi mwathu, kuyambira m'mawa, atafunda mkeka kumutu. Pansi pa mkeka womwewo panalinso azakhali ake, a Numia, mayi wachikulire amene anadulidwa mwendo wakumanzere chifukwa cha matenda a shuga. Patsogolo pawo anaunjika nkhuni, miyala ndi masamba a nthochi, zinthu zimene timawotchera nkhumba. Kwathu ngakhale mwana amadziwa tanthauzo lake: talakwa, ngati mukufuna tiwotcheni. Kupepesa kotereku timakutcha ifoga, ndipo wopepesayo sadzivundukula yekha. Amadikira eni nyumba, kaya atuluka masana, kaya atuluka mawa.

Mwa mwambo, woyenera kukhala pamenepo anali mkulu wa banja la Uelese, koma iyeyo anali ku New Zealand. A Numia anangoti, "Ndinamulera ndine, ndikakhala ndine." Paja nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Mkati mwa mkekamo munali motentha ngati mu uvuni. Uelese ankamva azakhali ake akupuma movutikira. Kenaka ananong'ona.

"Iwe Uelese."

"Azakhali."

"Masitepe aja unkadziwa kuti ndi olakwika?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye m'kamwa mwakomo munali chiyani, mbatata ya talo?"

Misozi ya Uelese inasakanikirana ndi thukuta, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Kuti mumvetse, ndibwerere m'mbuyo. Makolo a Uelese anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, a Numia n'kumutenga. Sukulu inamukana, mayeso analephera kawiri. Anapita ku mzinda wa Apia, kutsidya kwa nyanja, kukasenza njerwa, ndipo patatha zaka zisanu ndi zitatu anabwerako akudziwa kumanga, tepi yoyezera ili lende m'chiuno. Chaka chimenecho namondwe anasasula tchalitchi chathu chakale, madzi a m'nyanja n'kulowa mpaka kuguwa. Mudzi unagwirizana zomanga chatsopano chokwera m'mwamba, pansi pake patalike masentimita 135 kuchokera panthaka. Ntchitoyo anapatsidwa Uelese chifukwa ndi mwana wathu. Mwana wamasiye wolephera sukulu, lero akumanga nyumba ya Mulungu! A Numia ankauza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse.

Makoma anaima bwino. Denga linakhala bwino. Nkhani inavuta pa masitepe.

Ife kwathu ntchito ya mudzi timagawana pa mabanja. Mpanda wa sukulu, banja lililonse chigawo chake. Nkhumba ya paphwando, banja lililonse chiwalo chake. Mabanja akuluakulu alipo asanu ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi matai wake, mkulu amene amanyamula dzina la banjalo ndi kuliyankhulira pamsonkhano. Munthu wopanda dzina la udindo ngati Uelese amakhala kumbuyo. Ntchito yake n'kuperekera chakumwa cha ava kwa akuluakulu, ndipo amatsegula pakamwa akafunsidwa basi.

Atafunsidwa, ananena kuti wajambula masitepe asanu ndi anayi, iliyonse yokwera masentimita 15.

A Tauvela, matai wa banja lalikulu kuposa onse, anayang'ana uku ndi uku. "Asanu ndi anayi? Mabanja awiri enawo ali kuti? Akubwera pa boti ya mawa?"

Anthu anafa nacho chiseko. Anagamula kuti masitepe akhale asanu ndi awiri, banja lililonse lithire yake pa Loweruka lake, ndipo lilembe dzina lake pa simenti isanaume. Uelese anaweramitsa mutu n'kuthokoza.

Anadzitonthoza yekha kuti masentimita 19 ndi okwera ndithu, koma bola akhale ofanana. Anadula kamtengo ka muyeso umenewo kuti aziyezera. Banja loyamba simenti inawaperewera, sitepe yawo inathera pa 18. Lachiwiri linafuna kuposa loyamba, inafika 20. Lachitatu 17. Lachinayi lokha ndi limene linamvera kamtengo kaja. Kenaka linafika Loweruka la banja la a Tauvela, amene ana awo akunja anatumiza simenti yodzaza lole.

"Mwana iwe, kamtengo kakoko kabwezere m'thumba," anatero a Tauvela. "Ife sitingafanane ndi anthu amene anabwera dzulo. Takweza thabwalo."

"Koma bambo..."

"Koma chiyani?"

"Palibe, bambo."

Uelese anakweza thabwa lotchinga simentilo ndi manja ake omwe, nalikhomera misomali. Sitepe yachisanu inatuluka masentimita 26.

Yachisanu ndi chimodzi inali ya banja lathu, ndipo apa ndisaname. Titaona ya a Tauvela, ifenso tinati tisaoneke amphawi, tinawonjezera mpaka 21. Simenti yakeyo ndinasakaniza ndine amene ndikukufotokozeranine. Banja lomaliza linangolandira zotsala, masentimita 14, ndipo linadandaula mwezi wathunthu kuti lanyozedwa.

Tsono phazi la munthu lili ndi nzeru zake. Likaponda masitepe awiri atatu oyamba, limaloweza kutalika kwake, ndipo silifunsanso maso. Limangokwera mmene lazolowerera. Uelese ankadziwa zimenezi bwino lomwe, anaziphunzira ku Apia. Koma manyazi anapha lambe.

Tsiku lotsegulira tchalitchi, mudzi wonse unavala zoyera. Alendo anabwera kuchokera m'midzi ina, nkhumba zinapsa makumi awiri. Kwaya inayamba kulowa ikuimba, patsogolo pali a Sieni, amayi awo a Tauvela, gogo wa zaka 78 amene anatsogolera nyimbo m'mudzi mwathu kwa zaka makumi anayi. Maso awo anali kumwamba, dzanja likuwongolera oimba. Anakwera yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Pa yachisanu chala cha phazi chinagunda simenti. Anagwa cham'mbali, n'kugubuduka mpaka pansi.

Nyimbo inadukira pakati pa vesi. Fupa la m'chiuno linali litathyoka, ndipo anawatengera ku chipatala cha ku Apia pa boti ya masana omwewo.

Wina mwa alendo anafunsa mokweza, "Kodi mmisiri wake ndani?" Maso onse anatembenukira kwa Uelese. Palibe anafunsa kuti sitepeyo ndi ya yani, chikhalirecho dzina linali lolembedwa pompo ndi zilembo zikuluzikulu. Ineyo ndinali pomwepo, ndipo nanenso ndinayang'ana Uelese.

Mawa lake ndiye tsiku la mkeka lija. Dzuwa litapendeka, a Tauvela anatuluka, anavundukula mkekawo, ndipo anayankhula mawu okoma kwambiri onena za chikhululukiro. Anthu anagwedeza mitu kuti koma bamboyu ndi Mkhristu. Uelese anaimirira osatchulako za thabwa lija. A Numia analephera kudzuka. Chitsa cha mwendo wawo chinali chitatupa, ndipo anachita kuwanyamula kupita nawo kunyumba.

Kukhululukidwa n'kwina, kukhulupiriridwa n'kwina. Ntchito zinauma. Dzina la Uelese linatha, anthu anayamba kumutcha Sitepe Faifi. Akadutsa pasitolo, amuna okhala pakhonde ankayamba.

"A Injiniya! Khola la nkhumba mungalithe?"

"Angalithe, koma lisakhale ndi masitepe aise, nkhumba zingathyoke ziuno!"

Iye ankangomwetulira kumwetulira kwa munthu wopanda pothawira, n'kumapita.

M'tchalitchi chimene anamanga yekha anasiya kulowamo. Lamulungu ankakhala pansi pa mtengo, chapatali, n'kumamvera ali komweko. Ali pamenepo m'pamene anaona zimene ife olowa m'kati sitinkaziona. Anyamata ankanyamula nkhalamba kukweza nazo masitepe aja ngati matumba a kokonati, agogo aakazi atagwira madiresi awo kuti asavuke. Sabata iliyonse onyamulidwawo ankachepa. Sikuti ankachira ayi, ankangosankha kukhala kunyumba kusiyana ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa adzukulu. A Numia anali mmodzi wa iwo. Belu likalira, ankavala zoyera zawo n'kukhala pakhonde.

Uelese anaganiza zothawa. Analembetsa ntchito yothyola zipatso ku Australia, mapepala onse n'kusaina.

M'mawa wina akumanga chikwama, anaona azakhali ake akutuluka m'nyumba. Anakhala pansi pakhomo, anatsitsa ndodo, anatsitsa mwendo wawo woikirira, kenaka n'kudzikhwekhwereza ndi matako mpaka pabwalo. Sitepe ya pakhomopo inali imodzi yokha, chibuloko chofika pafupi ndi bondo. Anachiika ndi Uelese yemweyo, zaka zapitazo, ali pa tchuthi.

"Azakhali, mumatsika chonchi masiku onse?"

"Chaka chachitatu chino. Waona lero?"

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinkayesa tepi yakoyo ili ndi maso." Anadzikoka n'kuimirira, nasansa fumbi. "Pita ku Australia kwakoko ngati ukufuna. Koma masitepe aliko, ndipo pakamwa pakopo upita napo pomwepo."

Manyazi a tsiku limenelo anaposa a pansi pa mkeka. A pa tchalitchi akanatha kugawana ndi mabanja asanu ndi awiri. Awa anali ake yekha, ndipo wovutikayo anali mayi amene anamulera.

Anamasula chikwama. Anatenga matabwa otsala n'kukhoma mabokosi atatu, lina lokwera masentimita 13, lina 15, lina 18. Anawaika pabwalo n'kupempha azakhali ake kuti apondepo limodzi limodzi. La 13 anakwera mosavuta. La 15 anakwera atagwira phewa lake. La 18 mwendo unakana. Sabata yomweyo anaphwanya chibuloko chija, n'kumanga masitepe atatu afupiafupi ofanana, ndi chitsulo chogwirira m'mbali. Atauma, a Numia anakwera n'kutsika kasanu popanda chimene akukatenga m'nyumbamo.

"Ukuyang'ana chiyani?" anamukalipira. "Ndikuona ngati sagwa."

Kuyambira pamenepo Uelese anakweza mabokosi aja pa wilibala n'kumayenda nawo khomo ndi khomo, paliponse pamene panali nkhalamba, wodwala miyendo kapena wosaona bwino. Amuna a pasitolo anapeza nyimbo yatsopano.

"Abale, Sitepe Faifi wayamba geni! Akugulitsa mabokosi a maliro a amphaka!"

Ena ankamuthamangitsa asanatsitse n'komwe wilibala. Mayi wina anamuuza kuti, "Unathyola a Sieni, tsopano wabwerera amayi anga?" Anapepesa, nabwerera, ndipo patatha sabata anapitanso. Amene anamulola anamuphunzitsa zambiri. Anaphunzira kuti kutsika kumaopsa kuposa kukwera. Anaphunzira kuti popondapo pafunika kukula mokwana phazi lonse, osati munthu aziponda ndi zala zokha. Gogo wina wa ng'ala anamuuza kuti simenti yotuwa imaoneka ngati chinthu chimodzi chosalala, sadziwa pothera sitepe, choncho Uelese anayamba kupaka utoto woyera m'mphepete. Atapita ku Apia kukawerenga buku la malamulo a zomangamanga, anapeza kuti manambala ake sakusiyana kwenikweni ndi zimene miyendo ya agogo inamuuza kale. Pofika kumapeto kwa chaka anali atakonza makomo oposa makumi awiri. Sankalipiritsa, ankangodya chimene wapatsidwa.

Khomo limodzi lokha ankalilambalala, la a Tauvela. A Sieni anali atabwerako kuchipatala ndi chitsulo m'chiuno, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo ziwiri. Tsiku lina anatuma uthenga kuti Uelese abwere. Anapita, n'kukhala pansi patali.

"Ndamva ukuyeza miyendo ya nkhalamba zonse m'mudzi muno," anatero a Sieni. "Yangayi inakulakwira chiyani?"

"Amayi, ndilibe nkhope yobwera nayo pakhomo pano."

"Nkhope yakoyo ndichita nayo chiyani ine? Tabweretsa bokosilo."

Anawaikira la 15. Anagwira phewa lake, analuma mano, ndipo anakwera. Anaima pamwamba pa kabokosiko akunjenjemera.

"Tamvera mwana wanga. Nyimbo ija ndinaisiya pakati. Ndikufuna ndikaimalize m'kati mwa tchalitchi ndisanafe. Tauvela akuti anyamata andinyamula, ndakana. Ine si thumba."

"Kuti mulowe nokha, amayi, masitepe onse aja ayenera kuphwanyidwa."

"Ndiye kawauze."

"Ine ndilibe dzina la udindo. Pamsonkhano sindiyankhula."

A Sieni anamuyang'ana nthawi yaitali. "Chete wako uja anandithyola chiuno. Ukakhalanso chete, afuna andithyole chiyani?"

Msonkhano wa amatai utakwana, Uelese anaperekera ava monga mwa masiku onse. Atamaliza, m'malo mobwerera kumbuyo, anakhala pansi pakati pa bwalo ataweramitsa mutu. Anayankhula motsitsa moti ena sanamve poyamba. Anapempha kuti masitepe aphwanyidwe, amangidwe asanu ndi anayi ofanana, athiridwe tsiku limodzi ndi mabanja onse pamodzi, ndipo pasalembedwe dzina la munthu.

Phokoso lake! Wina anati dzina la agogo ake silingaphwanyidwe ndi hamala. Wina anati mwanayu wapenga. A Tauvela anakweza dzanja.

"Tinakukhululukira iwe pamaso pa mudzi wonse. Lero wasanduka mphunzitsi wathu?"

"Munandikhululukiradi bambo, ndipo ndinalakwadi. Kulakwa kwanga n'kwakuti inu munati kweza thabwa, ine ndinakweza."

Aliyense ankadziwa thabwa limene akunena, ndipo aliyense anali ndi thabwa lake. Matai wa banja lathu anayamba kuyang'anitsitsa zala zake za kuphazi ngati waziona koyamba. Koma akuluakulu sagonja tsiku limodzi. Anamulipiritsa nkhumba chifukwa choyankhula asanafunsidwe. A Numia anali ndi nkhumba imodzi yokha, ndipo anaipereka osadandaula. Anangoti, "Bola iyi yapita chifukwa wayankhula."

Mwezi wotsatira Uelese anakhalanso pakati paja, ulendo uno ali ndi bokosi latsopano la masentimita 26. Anati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo anapempha akuluakuluwo kuti aliyense akwerepo osagwira kanthu. Palibe anadzuka. Anamulipiritsa madengu a talo, n'kumuchenjeza kuti akadzabwerezanso adzamuthamangitsa m'mudzi. Anabwerera kunyumba ali wefuwefu, ndipo anthu tinati basi, nkhani yathera pamenepa.

Tinaiwala a Sieni. Lamulungu lotsatira anavala zoyera, anayenda ndi ndodo zawo mpaka pa tchalitchi, n'kuuza mdzukulu wawo wamkazi kuti awaikire mpando pansi penipeni pa masitepe. Anyamata atabwera kudzawanyamula, anawaopseza ndi ndodo.

"Amene andikhudze aona. Ndipemphera pompano."

Anakhala padzuwa mapemphero onse, akuimba ali panja. Aliyense wolowa ndi wotuluka ankayenera kuwalambalala. Sabata yachiwiri a Numia anabwera ndi mpando wawo n'kukhala pambali pawo. Sabata yachitatu panali nkhalamba khumi ndi imodzi, zija zinasiya kubwera zija, ndipo theka la kwaya linatsika kukaimba nawo panja. Abusa ankalalikira m'kati, koma nyimbo yabwino inkamvekera pabwalo. Alendo odutsa pa basi ankafunsa kuti kodi agogowa analakwa chiyani kuti awatulutse m'tchalitchi. A Tauvela ankakwera masitepe aja amayi awo ali pansi akuwayang'ana, ndipo munthu wamkulu thupi uja ankaoneka ngati wachepa.

Lolemba lina m'mawa tinamva kugunda. Titathamangirako tinapeza a Tauvela atavula malaya, hamala yaikulu ili m'manja, akuphwanya sitepe yachisanu. Dzina la banja lawo linali litagawika kale pakati. Sanayang'ane munthu.

"Mukuonerera chiyani? Aliyense adziwa yake. Wina akaitane mmisiri."

Sanati Sitepe Faifi. Anati mmisiri. Ine ndinathamangira kunyumba kukatenga hamala, ndipo yachisanu ndi chimodzi ija ndinaiphwanya ndi mtima wonse.

Uelese anakhoma matabwa masiku anayi, akuyeza sitepe iliyonse katatu. Asanu ndi anayi, iliyonse masentimita 15, popondapo masentimita 30, zitsulo zogwirira mbali zonse ziwiri. Cham'mbali mwa khoma anakonza njira yotsetsereka pang'onopang'ono ya oyenda pa njinga za olumala. Tsiku lothira simenti, mabanja onse asanu ndi awiri anasakaniza pamulu umodzi. Ntchito ili m'kati, a Tauvela anaima pa thabwa lachisanu, nakanda m'mutu. Chizolowezi ndi matenda.

"Mmisiri, iyi yokhayi... kasentimita kamodzi kokha, kongokumbukira?"

Mafosholo anaima. Tonse tinayang'ana Uelese.

"Ayi, bambo."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Ikhala 15 ngati zinzake."

A Tauvela anamuyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamumva? Akanayankha chonchi chaka chatha, bwenzi amayi anga akuvina." Anatola fosholo yawo n'kupitiriza. Kuseka anasekadi, koma m'maso munali misozi, ndipo tonse tinayang'ana kumbali.

Simenti itauma, mizere yoyera itapakidwa, linafika Lamulungu limene mudzi wonse unkadikira. Panalibe alendo, panalibe nkhumba. Tinangoima pabwalo mbali ziwiri, pakati tasiya njira. A Sieni anapereka ndodo imodzi kwa mdzukulu wawo, dzanja lamanja n'kugwira chitsulo. Uelese anaima kumbuyo kwa anthu onse, pansi pa mtengo wake uja, manja atagwira kumutu.

Anakwera yoyamba. Anapuma. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Atafika pa yachisanu anaima, ndipo mitima yathu inaima nawo. Anagogoda simentiyo ndi ndodo, uku ndi uku, ngati akufuna chinthu chotayika.

"Tauvela!"

"Amayi."

"Sitepe ya banja lathu ija ili pati? Sindikuiona."

"Palibe, amayi. Onsewa ndi a tonse."

"Eya. Ndiye chifukwa chake sinandigwetse."

Anakwera inayi yotsalayo osapumanso. Atafika pakhomo anatembenuka, anafufuza ndi maso mpaka anamupeza pansi pa mtengo paja.

"Iwe Uelese, ukudikira kuti anyamata akunyamule? Gwira azakhali akowo mulowe, nyimbo ikuzizira."

Uelese anabwera akulira ngati mwana, osabisanso nkhope. Anapereka mkono kwa a Numia, koma iwo anaukankha n'kugwira chitsulo. Anakwera okha masitepe onse asanu ndi anayi, iye akungotsatira pambuyo. M'katimo a Sieni anakweza dzanja, ndipo kwaya inayambira pa vesi lomwe lija inadukira.

Lero Uelese amaitanidwa m'midzi ya pachilumba chonse, kukamanga masitepe a matchalitchi, a sukulu ndi a zipatala zing'onozing'ono. Mabokosi ake aja amayenda nawobe, ndipo asanakhome thabwa amayamba waitana munthu wokalamba kwambiri wa pamalopo kuti apondepo. Akuluakulu akamuuza kuti kweza pang'ono, amaweramitsa mutu mwaulemu wonse, n'kunena kuti ayi.

Musaganize kuti manyazi anatha. A Sieni anatsimphina mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo Lamulungu lililonse Uelese ankaona kutsimphinako n'kudziwa kumene kunachokera. Ndinamufunsa tsiku lina ngati zimamupwetekabe. Anati, "Zimandipweteka, achimwene. N'chifukwa chake ndimayeza katatu."

Tsono inu amene mwafunda mkeka wanu lero, amene dzina lanu lasanduka nthabwala ya pasitolo, mverani. Chimene munalakwitsacho munalakwitsadi, musachikane, ndipo musamange chikwama kuti muthawe. Yang'anani pakhomo panu pomwe, pali wina amene akudzikhwekhwereza chifukwa cha chibuloko chimene munaika inu. Yambirani pamenepo. Ndipo tsiku limene adzakuuzeninso kuti kwezani thabwa, mawondo azigundana choncho, koma pakamwa patseguke. Munthu satuluka m'manyazi ndi kulumpha kumodzi, amakwera pang'onopang'ono, sitepe yofanana ndi inzake. Osataya mtima, pondani yoyambayo.